Mabedi olowa pansi ndi kuphimbira: mawu a mlangizi pabwalo la a mfumu

Ndikudziwa kuti ena mwasiya chimanga pamphasa, ndiye sindikusungani mpaka dzuwa lipendeke.

Ndabwera ndi nkhani imodzi. Ku ofesi ya zaulimi tagwirizana kuti m'dera lino khomo lililonse likhale ndi mabedi awiri a ndiwo zamasamba, olowa pansi komanso ophimbira, mwezi wa Juni usanathe. Awiri okha. Amene muli ndi dimba kudambo mukakonze kumeneko, amene mulibe mukonze kuseri kwa nyumba. Mlimi wotsogola wanu adzayenda ndi kope kulemba mayina, ndipo ine ndidzabwera kudzaona ndi maso angawa, chifukwa lipoti lopita ku boma sililembedwa ndi zongomva.

Ndifunse kaye. Ndani anadzala masamba chilimwe chathachi? Manja m'mwamba. Eya. Mayi, munadzala chiyani? Mpiru ndi tchainizi. Bambo uko, tomato ndi anyezi. Mumathirira kangati? M'mawa ndi madzulo. Chabwino, ndi zomwe ndimayembekezera, tiyeni tipitirire.

Pamene pakuvuta ndi pa bedi. Ndayenda m'madimba mwanu sabata yatha, ndipo ambiri mukuundabe bedi lokwera ngati tili mu Januwale. Bedi lokwera ndi la dzinja, ntchito yake ndi kuthawitsa madzi kuti asadikhe pamizu. Tsono inu mukuunda bedi lothawitsa madzi pa nthawi imene madziwo mukuchita kusenza pamutu. Mukathira keni, theka la madzi latsetserekera m'njira, otsalawo mwera wawauluza. Madzulo mubwereranso, msana ukuwawa.

Bedi lolowa limakhala chonchi. Mulifupi mita imodzi, kuti dzanja lifike pakati osaponda dothi. Mulitali monga mwa malo anu, koma poyamba musapyole mamita 5. Pakati palowe pansi masentimita 10 mpaka 15, dothi lotsalalo muunde m'mbali ngati mkombero wa lichero, ndipo pansi pakhale posalala kuti madzi asathamangire mbali imodzi. Tipulani mozama, muthire manyowa owola bwino, ndowa imodzi pa mita iliyonse. Za kompositi ya chimato ndi manyowa a Mbeya munaphunzira kale, sindibwereza. Ndingonena kuti ndowe yaiwisi imaotcha mbande. Ngati manyowa akutenthabe m'manja kapena akununkha khola, sanapse.

Mbande za mpiru, repu ndi tomato zimachoka ku nazale zikatha masabata atatu kapena anayi, za anyezi zimachedwerapo mpaka masabata 6 kapena 8. Wokerani madzulo. Mukaokera, ndiye pabwere kuphimbira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna makutu anu onse.

Tengani udzu wouma umene ulibe njere, mapesi oduladula, masamba ouma a nthochi kapena makoko a mtedza. Yalani pakati pa mbewu, kuchindikala kwake zala zitatu, ngati masentimita 5. Musagunditse patsinde, siyani kampata, chifukwa chinyontho chikakhalitsa patsinde, tsindelo limaola. Dothi lofundidwa chonchi dzuwa sililiwomba, mphepo silikhudza, udzu sumera wambiri. Pothirira, madzi amagwera paudzu n'kulowa pang'onopang'ono, sathovutsira matope pamasamba a tomato, ndipo matope amenewo ndi njira imodzi imene matenda amakwerera kuchoka m'dothi. Musanathirire, pisani chala pansi pa udzu. Chikatuluka chonyowa, madzi amenewo asungeni, mudzathira mawa. Udzuwo ukaola usanduka chakudya cha nthaka yomweyo. Pa nazale pokha muyale mopyapyala, ndipo mbewu zikangoyamba kumera muchotse, apo ayi mbande zimatalika n'kukhala zonyozoloka.

Ndikuona ena mukugwedeza mitu ngati mwamva. Munagwedezanso chimodzimodzi zaka zapitazo, n'chifukwa chake ndiyankhule zowawa pang'ono. Kunabwera mapampu opondaponda m'mudzi muno. Lero ali kuti? Ena achita dzimbiri m'nkhokwe, mapaipi anasanduka zomangira mbuzi. Tinakuuzani kuti musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, musiye bango, nsenjere ndi mitengo zigwire gombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atafika kuno kummwera, madimba amene anagundika kumtsinje ndi amene anayamba kupita, ena anakwiririka ndi mchenga mpaka lero sabala. Sindikunena izi mokondwa, tinalira maliro limodzi chaka chimenecho. Chaka chotsatira, 2024, kunagwa ng'amba ya El Niño. Zitsime za kudambo zinaphwa msanga, ndipo anthu amene anadzala tomato dimba lonse pa mabedi okwera, opanda chofunda, anamusiya akufota ali ndi maluwa. Mbewu anagula, mankhwala anagula, thukuta linagwa, m'thumba simunalowe kanthu.

Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi moto. Mwezi wa Julayi ukafika, mapesi ndi udzu zonse zapsa chifukwa cha mbewa. Mbewa zodzaza mbale imodzi, munda wonse wasanduka phulusa. Ndiye mudzandiuza kuti a langizi, chophimbira tichipeza kuti? Sonkhanitsani tsopano lino, muunjike pakhomo moto usanayambe. Mukachedwa, Okutobala adzakupezani ndi dothi lamaliseche, kangaude wofiira ali pa tomato, inu mukuthamangira kugolosale kukagula mankhwala. Pa mankhwalapo ndichenjezenso. Chibwerereni mbozi ya tuta ija yoboola masamba ndi zipatso za tomato, ena mwazolowera kupopera lero, mawa dengu lili pamsika. Pabotolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole. Tomato ameneyo amadya ndi ana anu omwe.

Mayi kumbuyoko akuti chiswe. Funso labwino. Chiswe chimabweradi paudzu wouma, koma kawirikawiri chimatanganidwa ndi udzuwo, ndipo mbewu imene chimakonda kugwira ndi yofooka ndi ludzu. N'chifukwa chake ndati musagunditse patsinde. Udzu ukatha, onjezerani wina. Ngati pafupi pali chulu, bedi lisunthireni kutali.

Bambo, ndakumvani, dikirani ndimalize za chiswe. Chabwino, nenani. Mukuti zonsezi n'zopanda pake chifukwa cha mbuzi. Mukuti chaka chatha munaokera kabichi mabedi anayi, mbuzi za eni ake zinamaliza tsiku limodzi, ndipo mwini mbuzi sanalipe kanthu. Khalani pansi bambo, mfundo yanu yamveka, ndipo phokoso limene ladzukali likusonyeza kuti si inu nokha.

Ndivomere, pamenepa pali nkhani. Tikangokolola chimanga, zingwe zimamasulidwa, mbuzi zimayenda mmene zifunira mpaka mvula yoyamba. Nthawi imeneyo kutchire kulibe chobiriwira, ndiye bedi la mpiru kuseri kwa nyumba mbuzi imaliona ili kutali. Kuphimbira sikuletsa mbuzi, zimenezo sindingakunamizeni. Mapesi amenewo ng'ombe ndi mbuzi zimawafunanso. Ndiye tisinthe dongosolo: mpanda uyambe, bedi libwere pambuyo. Ndi chifukwa chinanso chimene tanenera mabedi awiri okha, poti kadimba kakang'ono mpanda wake sulemetsa. Mitengo ya m'makona, nsungwi kapena bango zopingasa, tsekera wothithikana, pansi posasiya mpata chifukwa nkhuku nazo zimapalasa udzu wophimbirawo pofuna chiswe. Amene mukuganiza za zaka zambiri, dzalani mpanda wamoyo. Khonje amagwira ntchito, nkhadzenso, koma utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso, musadzale pamene ana amasewera.

Mukuti mpanda wa udzu mbuzi yanjala imaboola? Imaboola ukakhala wa chaka chatha, wofumbwa. Komabe ndikugwirizana nanu kuti mpanda wokha sukwanira ngati mwini chiweto sakuopa kanthu. Kudambo, m'malo moti aliyense amange kake, amene madimba anu ali moyandikana mangani mpanda umodzi waukulu, khomo limodzi, muzisinthana kulondera. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo eni mbuzi musaone ngati takuukirani. Ambiri muli pano muli ndi mbuzi komanso mukufuna ndiwo. Mbuzi yogona m'khola la m'mwamba, yopatsidwa masamba a mitengo ndi zotsalira za mtedza, imakusiyirani zitosi pamalo amodzi, ndipo zitosi zimenezo ndi manyowa a bedi lomwe tikunenali. Mbuzi zikakhala m'khola, nandolo wanu amene akadali m'munda mpaka Ogasiti nayenso apuma.

Za chindapusa ine sindingagamule, si udindo wa mlangizi. A mfumu, nkhani imeneyi ndaitula m'manja mwanu ndi nduna zanu: mbuzi ikalowa m'dimba lotchingidwa bwino, mwini wake atani, ndipo ikalowa m'dimba lopanda mpanda, mlandu ndi wa yani. Anthu amve chigamulo lisanafike tsiku loyala nazale, chifukwa bambowa akunena zoona kuti palibe angasenze madzi miyezi itatu kuthirira ndiwo za mbuzi ya mnzake. Ndikabwerera ku ofesi ndikanena kuti m'mudzi muno chiwerengero cha mabedi chidalira nkhani ya ziweto.

Za kasinthasintha wa mbewu, kuti pamene panali tomato pasabwerenso tomato, mabilinganya kapena tsabola, ndi za bonongwe ndi chisoso zimene mumazipalira ngati udzu chonsecho ndi ndiwo zopatsa thanzi, tidzakamba ulendo wina, nthawi yathera ku mbuzi. Lachinayi m'mawa tikumane padimba la mlimi wotsogola. Mubwere ndi makasu, chingwe, zikwanje, ndi mtolo umodzi wa udzu munthu aliyense. Bambo a kabichi, inu mubwere ndi nsungwi, tikayambire mpanda. A mfumu, mawu ndabweza kwa inu.