Tisamale ana ofooka m'thupi: korona ndi kolera

 Masiku onsewa takhala tikukamba za kolera. Lero ndiwonjezepo korona, COVID-19 ija, chifukwa sinathe ayi. Kwa ana ambiri imangokhala ngati chimfine. Koma alipo ana amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa: amene ali ndi HIV, odwala TB, onyentchera chifukwa chosowa zakudya, ndi amene angochira kumene matenda otsegula m'mimba. Iwowa korona imawatsikira m'mapapo msanga.

M'matentimu tikugona mothithikana, ndiye masana muzitsegula kuti mpweya uzidutsa. Wamkulu amene akutsokomola avale chophimba pakamwa ndi mphuno, asagone pafupi ndi mwanayo. Kusamba m'manja ndi sopo kumatchinga matenda onse awiri. M'madzi akumwa thirani kachivindikiro kamodzi ka Certeza pa malita 20, mudikire mphindi 30.

Mwana amene ali pa TARV asadumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Khadi linapita ndi madzi? Pitanibe kuchipatala mukafotokoze. Amayi, musasiye kuyamwitsa, ngakhale inuyo mukudwala.

Muziwerenga kupuma kwake atakhala phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 pa mphindi kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, thamangani naye kuchipatala. Chimodzimodzi ngati pachifuwa pakulowa m'kati, akukana kumwa, kapena wangoti lefu. Ngati akutsegulanso m'mimba, muzim'mwetsa SRO panjira. Musadikire kuti kuche.