Tiwerengere ndalama tisanathire fetereza

Amayi ndi abambo a sukulu ya alimi kuno ku Bandawe, lero tikambe za ndalama.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba la fetereza lakhala lovuta kulipeza. Dothi lathu la m'mbali mwa nyanja ndi lamchenga. Mvula ikachuluka, Urea amasungunuka n'kulowa pansi pomwe mizu siifika, ndalama yanu n'kupita naye.

Choyamba, pangani Mbeya. Gawani thumba la makilogalamu 50 kasanu. Makilogalamu 10 aliwonse sakanizani ndi gaga, phulusa ndi ndowe za nkhuku, mbuzi kapena nkhumba. Wazani madzi, mangani m'thumba la pulasitiki mkati kwa masiku 21. Musanamizidwe: thumba la Mbeya silifanana mphamvu ndi la m'sitolo. Ubwino wake ndi woti manyowawo amathandiza mchenga kusunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu.

Chachiwiri, chitani kasinthasintha. Mtedza ndi soya sizifuna Urea, chifukwa timaphundu ta m'mizu yake timakoka nayitrojeni mumpweya. Mukakolola musatenthe masangwi. Akwirireni, chimanga chidzadye chaka chamawa.

Wobwereka munda chaka chimodzi amangofuna kukolola. Koma inu mukulima malo a makolo, omwe mudzasiyire ana anu.

M'munda wathu wophunzirira tidula ndime zitatu zachimanga: ya fetereza wa m'sitolo, ya Mbeya, ndi ya pomwe panali mtedza. Lembani m'kope ndalama iliyonse, masiku a ntchito ndi makilogalamu okolola. Pokolola tidzachotsera zolowa pa zotuluka, ndipo mudzasankha nokha.