ZA KALALIKI WOSAONEKA: Kuika ndi Kucotsa Mapulogalamu pa Seva

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nchito ina imene anthu ambiri saiona ndi maso, koma ikhudza mwana ali yense wopita ku sikelo ndi munthu ali yense wodwala malungo. M'nkhaniyi muli mau angapo acilendo, ndipo ndidzayesa kumasulira liu liri lonse pamene talifika.

Mudziwa inu kuti pakutha pa mwezi anamwino a pa cipatala cacing'ono ca kumudzi amawerenga m'mabuku ao: ana obadwa anali angati, olandira katemera angati, odwala malungo angati. Ciwerengero cimeneci cimapita ku ofesi ya za umoyo pa Boma, kumene cimalembedwa m'kompyuta. Zipatala zazikuru monga St Francis, cimene cakhala pa Katete kuyambira caka ca 1948, zicita cimodzimodzi. Tsono manambalawo amayenda pa intaneti nakalowa m'pulogalamu imodzi ya dziko lonse, dzina lace DHIS2. Akuru a Unduna wa za Umoyo ku Lusaka akafuna kudziwa kumene malungo akula, ndi kumene kufunika mankhwala ambiri kapena maukonde oteteza ku udzudzu, amayang'ana m'menemo.

Pulogalamu imeneyi iyang'aniridwa ndi anthu a ku University of Oslo m'dziko la Norway, pamodzi ndi anzao a maiko ambiri. Mbeu yace inamera ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, utangotha ulamuliro wa tsankho, ndipo mtundu wace waciwiri unayamba kugwira nchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006. Lero maiko oposa 70 aigwiritsa nchito, ndi anansi athu a ku Malawi ndi a ku Mozambique omwe.

Kodi pulogalamuyi ikhala kuti? Siikhala m'kompyuta ya kalaliki wa pa Katete iai. Ikhala m'kompyuta ina yamphamvu imene siizimitsidwa usana ndi usiku, imene tiicha seva. Wa ku Katete, wa ku Mongu ndi wa ku Kasama onse agogoda pa khomo la seva imodzimodziyo, ndipo iwayankha onse pa nthawi imodzi. DHIS2 inalembedwa m'cinenero ca makompyuta cochedwa Java, cimene James Gosling ndi anzace a pa kampani ya Sun Microsystems anaturutsa mu 1995. Koma pulogalamu ya Java ya mtundu uwu siiima yokha. Ifuna mwini nyumba woilandira, woipatsa cipinda, ndi wolondolera alendo kwa iyo. Eni nyumba otere alipo angapo, monga WildFly, GlassFish ndi Jetty, koma amene DHIS2 izolowera ndiye Tomcat, kumasulira kwace mphaka wamphongo. Tomcat anayambira ku Sun komweko, ndipo mu 1999 anaperekedwa ku bungwe la Apache, limene limgawira kwa ali yense popanda mtengo.

Tiyerekeze cotere. Tomcat ndiye nyumba ya maofesi pa Boma. Pulogalamu ndiye kalaliki wokhala m'cipinda cimodzi ca nyumbayo. Ndipo manambala onse a zaka zambiri ali mu kaundula wamkuru, amene sasungidwa m'cipinda ca kalaliki, koma m'nyumba ina yace. Kwa DHIS2 nyumba imeneyo ichedwa PostgreSQL. Gwirani bwino zinthu zitatu izi, pakuti nkhani yonse yatsamira pa kusiyana kwace. Boma latsopano likabadwa, monga anabadwira Sinda ndi Vubwi mu 2012, dzina lace ndi zipatala zace zimalembedwa mu kaundula. Kalaliki sasinthidwa cifukwa ca ico.

Tsono kalaliki amafika bwanji m'cipinda cace? Amafika ali womangidwa m'phukusi limodzi, faelo ya dzina lothera ndi zilembo zitatu, WAR. M'nyumba ya Tomcat muli cipinda colandirira alendo cochedwa webapps. Mmisiri akaika phukusilo m'menemo, Tomcat amaliona, nalimasula, nayala za m'katimo m'foda ya dzina lomwelo, nauza pulogalamu kuti iyambe nchito. Dzina la phukusi ndilo likhala njira yofikira pulogalamuyo: likachedwa dhis.war, anthu adzaipeza polemba dhis kumapeto kwa keyala ya seva, likachedwa ROOT.war, ndiyo idzayankha pa khomo lalikuru lenileni. Iripo njira yaciwiri, tsamba la pa intaneti lochedwa Manager, pamene mmisiri angatumize phukusi ali patali, ndi kuona mndandanda wa mapulogalamu onse amene ali m'nyumbamo.

Kungomva cotere munthu anganene kuti nchitoyi njopepuka ngati kutula mtolo wa nkhuni. Koma apa ndi pamene pagona mabvuto. Tomcat ndi wacangu. Amasuzumira m'cipinda colandirira alendo kawiri kawiri. Phukusi la DHIS2 ndi lalikuru ndithu, ndipo intaneti ikakhala yofoka limalowa pang'ono pang'ono. Mphakayo akapeza phukusi lalowa theka, angayese kulimasula lisanathe, ndipo pulogalamu idzakana kudzuka. Cifukwa cace mmisiri wanzeru amayamba watula phukusi pa malo ena m'seva momwemo, naona kuti lafika lathunthu, ndipo pamenepo ndipo alisunthira mu webapps kamodzi n'kamodzi. Akatero sacoka msanga. Amatsegula buku la zocitika limene Tomcat amalemba yekha, limene kawiri kawiri lichedwa catalina.out, nawerenga mzere ndi mzere kufikira ataona kuti pulogalamu yadzuka bwino. Munthu wotula phukusi n'kuthamangira ku cakudya ca masana osawerenga bukuli, ine sindimuyesa mmisiri.

Ciripo cinthu cina coopsa koposa ici. Pamene kalaliki watsopano wa DHIS2 alowa m'cipinda nthawi yoyamba, amapita kwa kaundula nakonza mizere ndi masamba ace monga mwa makonzedwe a iye mwini. Kaundula akakonzedwa cotero, kalaliki wakale sangathenso kumuwerenga bwino. Cotero munthu sanganene kuti, ngati watsopanoyu sandikondweretsa ndidzangobwezera wakale uja. Njira yobwerera iri imodzi yokha: kukopera kaundula yense ndi kumsunga padera, phukusi latsopano lisanaikidwe. Ndipo kukopera kokha sikukwanira. Amai a ku Kagoro sakhulupira mbeu ya cimanga cifukwa iri m'thumba. Amatsegula kuona ngati anankafumbwe sanalowemo. Kope la kaundula liyenera kuyesedwa pa seva ina yophunzirirapo, kuti cidziwike kuti lingaukitsidwe pa tsiku la tsoka. Pa seva yophunzirirapo yomweyo ndi pamenenso phukusi latsopano liyenera kuyamba kugona masiku angapo lisanapite ku seva imene dziko lonse ligwiritsa nchito.

Tifike tsono pa kucotsa. Pa tsamba la Manager pali mau awiri oyandikana amene anthu osazolowera amawasokoneza. Loyamba ndi Stop. Ili liimitsa pulogalamu, koma katundu wace yense atsala m'malo, ndipo mukafuna muidzutsanso. Laciwiri ndi Undeploy. Ili licotsa pulogalamu, lifafaniza phukusi la WAR, lifafanizanso foda yonse imene inayalidwa kucokera m'phukusimo. Kuimitsa kuli ngati kupatsa kalaliki chuthi. Kucotsa kuli ngati kumsamutsa ndi kusesa cipinda cace conse, ndipo ciri conse cimene wina anabisa m'cipindamo cipita ndi zinyalala. Ndico cifukwa cace akonzi a DHIS2 anaika faelo ya malangizo, dhis.conf, m'mene muli njira ndi mau acinsinsi ofikira kaundula, m'foda ina kunja kwa webapps, pamodzi ndi zikalata zimene anthu amatumiza. Dziwaninso kuti kufafaniza phukusi la WAR ndi dzanja, Tomcat ali maso, kuli cimodzimodzi ndi kulamula kuti pulogalamu icotsedwe. Ambiri ayesa kuti akungosesa faelo yosafunikanso pakuti inamasulidwa kale, nadabwa poona kuti pulogalamu yonse yazimirira.

Ngakhale kucotsa kocitidwa bwino kumasiya zotsalira nthawi zina. Pulogalamu ikacotsedwa, tinchito tina timene inayambitsa tingapitirire kuyenda mobisika, ndi kugwirabe malo m'cikumbukiro ca makina, cimene amisiri acicha memory. Mukaika ndi kucotsa kawiri, katatu, kasanu, osapumitsa Tomcat, zotsalirazo zimaunjikana kufikira seva ilefuka ndi kuima. Manager ali nalo batani lofufuzira zotere, koma kwa pulogalamu yaikuru monga DHIS2 njira yabwino ndiyo yakale: imitsani Tomcat yense, cotsani phukusi lakale ndi foda yace, ikani latsopano, ndipo mumdzutsenso. Anthu adzadikira mphindi zowerengeka, koma nyumba idzakhala yoyera.

Wina angafunse kuti, kodi palibe njira yosinthira popanda kutsekera anthu khomo? Iripo. Kuyambira pa Tomcat wa nambala 7, phukusi lakale ndi latsopano angakhale pamodzi, ngati maina ao asiyanitsidwa ndi zizindikiro ziwiri za ## ndi nambala. Amene anali kale m'kati amatsiriza nchito yao ndi lakale, ndipo obwera kumene amalandiridwa ndi latsopano, monga amisiri a mseu amalambula kanjira ka pambali pokonza mlatho. Njira iyi njokoma kwa timapulogalamu tating'ono. Koma kumene kalaliki watsopano amasintha kaundula, ine sindingailangize, pakuti akalaliki awiri a malembedwe osiyana pa buku limodzi adzaliononga.

Za Manager ndinenepo mau amodzi ena. Amene ali ndi mau acinsinsi a tsamba limenelo angaike phukusi liri lonse m'seva, ngakhale la mbala. Akuba a pa intaneti amayendayenda usiku ndi usana kuyesa makomo a Tomcat ndi mau opepuka monga admin. Amisiri ambiri amangomcotseratu Manager pa seva yeniyeni, pamodzi ndi timapulogalamu tacitsanzo timene timabwera ndi Tomcat, ndipo ndiyesa acita bwino. M'kaundula wa za umoyo mungakhale maina a odwala ndi matenda ao, zinthu zimene ngakhale mbale sauzidwa wamba.

Nanga nthawi yabwino yosinthira ndi iti? Siiyenera kukhala m'masiku oyamba a mwezi, pamene maofesi a za umoyo m'dziko lonse akulowetsa malipoti. Munthu wa ku Vubwi amene wayenda pa njinga yamoto m'matope a mwezi wa February kuti afike pamene intaneti igwira, akapeza khomo lotseka, wataya tsiku ndi petulo, ndipo lipoti lace lingacedwe. Nchito yotere icitike usiku kapena pa Sabata, anthu atauzidwiratu. Koma ziripo nthawi zosalola kudikira. Mu December 2021 kunapezeka mpata woopsa m'kacipangizo ka Java kochedwa Log4j, kamene kali m'kati mwa mapulogalamu osawerengeka, ndi DHIS2 yomwe. Pa dziko lonse lapansi amisiri anagona m'maofesi, kucotsa maphukusi akale ndi kuika okonzedwa. Amene anali ndi kope la kaundula loyesedwa kale anatsiriza msanga ndi mtima uli m'malo. Ndiponso mwini nyumba nayenso amasintha: Tomcat wa nambala 10 anasintha maina a m'kati kucokera ku javax kunka ku jakarta, kotero kuti phukusi lomangidwira Tomcat 9 silidzuka m'menemo lisanakonzedwe. Mmisiri ayenera kufunsa kuti phukusi ili lifuna Tomcat uti ndi Java uti, asanakhudze kanthu.

Kwa inu akalaliki ndi anamwino amene mulowetsa manambala, nazi zimene mungaone. Tsamba likakuonetsani nambala 404, ndiye kuti pa njira imeneyo palibe pulogalamu yoyankha. Kapena yacotsedwa, kapena yaimitsidwa, kapena mwalemba keyala molakwa. Likakuonetsani 502 kapena 503, kawiri kawiri ndiye kuti mlonda wa pa cipata alipo koma Tomcat sanadzuke. Dikirani pang'ono ndi kuyesanso. Kompyuta yanu siinafe, ndipo manambala a miyezi yapita sanataike cifukwa ca ico, pakuti ali mu kaundula. Lembani nthawi ndi nambala imene mwaona, muuze woyang'anira malipoti pa Boma, ndipo mapepala a mwezi umenewo muwasunge pouma kufikira mutaona ndi maso anu kuti manambala ace alowa.