Mitambo ndi Zitsamba za Mario: Mawu a pa Msonkhano wa Pachaka



A komiti atandipempha kuti ndidzalankhule lero, anayembekeza kuti ndikamba za ntchito yanga ya makompyuta. Nditawauza kuti ndikamba za Mario, kamunthu ka chipewa chofiira kodumphadumpha pa kanema kaja, alembi athu anandiyang'ana ngati ndalawa kale za madzulo. Sindinalawe ayi. Chandichititsa ndi nkhani ija yatigawa m'mawawu, ya makompyuta akale amene angounjikidwa m'chipinda chosungiramo katundu pa sukulu pano. Ena mwanena kuti ndi ofooka, tingowataya, ana adikire mpaka tidzapeze ndalama zogulira atsopano. Ine sindikugwirizana nazo, ndipo mboni yanga ndi Mario.

Ambiri a ife tinamudziwira pa makina aja ankabwera ndi achibale ochokera ku Joni, okhala ndi kaseti yachikasu yolembedwa kuti muli masewero 999, chonsecho ndi masewero owerengeka ongobwerezedwa. Makinawo anali okopera, koma Mario wake anali yemweyo wa kampani ya Nintendo. Kampaniyi ndi yakale zedi: inayamba mu 1889 mu mzinda wa Kyoto ku Japan, ndipo ntchito yake yoyamba inali yopanga makadi osewerera.

Mario anabadwa chifukwa cha malonda amene anakanika. Nintendo inatumiza ku America makina ambiri a sewero lotchedwa Radar Scope, koma sanagulidwe. Pofuna kupulumutsa makinawo, anapempha mnyamata wina wojambula, Shigeru Miyamoto, kuti akonze sewero latsopano loti aikemo. Iye ankafuna kugwiritsa ntchito Popeye, mmalinyero wa m'makatuni uja, koma chilolezo sichinapezeke. Ndiye mu 1981 kunatuluka Donkey Kong: chinyani chaba mtsikana, kamunthu kakukwera makwerero kwinaku kakudumpha migolo. Nthawi imeneyo kamunthuko kanali kalipentala, dzina lake Jumpman. Dzina loti Mario linachokera kwa Mario Segale, mwini wa nyumba yosungiramo katundu imene Nintendo inkachita lendi ku Tukwila, kufupi ndi Seattle. Nkhani imati bamboyu anabwera tsiku lina kudzalonjerera ndalama za lendi zimene zinachedwa. Anamwalira mu 2018, dzina lake likudziwika dziko lonse. Inu amene muli ndi nyumba za lendi, pitirizani kulonjerera.

Tsono taonani maonekedwe a Mario. Makina a nthawi imeneyo ankajambula munthu ndi timadontho towerengeka. Tsitsi linali lovuta kuliyendetsa munthu akamadumpha, ndiye Miyamoto anangomuveka chipewa. Pakamwa panalibe malo oti pajambulidwe bwino, ndiye anamupatsa ndevu za pamlomo, zimenenso zinathandiza kuti mphuno izioneka. Manja ankasowa m'thupi akamathamanga, ndiye anamuveka ovololo ya mtundu wosiyana ndi malaya. Zonse zimene timamudziwira nazo ndi zigamba zotsekera pamene makina analephera. Upulambala anauyamba mu 1983 m'sewero la Mario Bros., momwenso munatulukira mbale wake Luigi, amene anali chithunzi chomwecho cha Mario, atangochipaka mtundu wobiriwira.

Sewero limene ambiri tikulikumbukira, Super Mario Bros., linatuluka ku Japan pa 13 September 1985. Lonse lathunthu, zigawo zake 32, nyimbo za Koji Kondo, adani ndi zithunzi, linakwana m'makilobaiti 40. Chithunzi chimodzi chimene mwajambula ndi foni pakhomo paja chikuposa pamenepo maulendo makumi angapo. Zigawozo Miyamoto ndi mnzake Takashi Tezuka ankazijambula pamanja, pa mapepala a magirafu onga amene tinkalimbana nawo m'kalasi ya masamu, kenaka n'kupereka kwa olemba mapulogalamu.

Malo atachepa chotere, anachita ngati mayi wosoka amene sataya kansalu. Mukadzaliona seweroli, mudzayang'ane mitambo kumwamba, kenaka zitsamba pansi. Ndi chithunzi chimodzi. Kumwamba n'choyera, pansi n'chobiriwira ndipo tsinde lake labisika m'nthaka. Ine ndinasewera zaka zambiri osazindikira, ndipo tsiku limene ndinauzidwa ndinachita manyazi ngati mmene ndinachitira nditalephera funso lophweka pa bolodi. Kamdani koyamba kaja, kofiirira, kotchedwa Goomba, anakawonjezera kumapeto kwenikweni, ataona kuti akamba aja ndi ovuta kwa munthu wongoyamba kumene. Malo anali atatsala pang'ono kutha. Ndiye Goomba ali ndi chithunzi chimodzi chokha choyendera, chimene makina amangochitembenuza uku ndi uku, diso n'kumaona ngati miyendo ikusinthana.

Aphunzitsi athu, ili ndi lanu. Chigawo choyamba chija ndi phunziro lopanda mawu ngakhale amodzi. Goomba anamujambula mofanana ndi bowa, ndipo wosewera akangogundidwa naye kamodzi amaphunzira kuopa chilichonse chooneka ngati bowa. Patsogolo pang'ono agunda bokosi, mutuluka bowa wina, wabwino, wokulitsa thupi. Mwachibadwa munthu afuna kuthawa. Koma bowayo amatsetserekera kumanja, n'kugunda paipi, n'kubwerera kwa iwe, ndipo njerwa zili pamwamba pa mutu wako kotero kuti ngakhale udumphe, amakukhudzabe. Ukudikira imfa, ungoona wakula. Palibe amene wakuuza kanthu, koma wadziwa.

Pali zina zobisika zimene ndikanakonda kuzidziwa ndili mnyamata. Moyo ukakuthera, sewero limakubwezera koyambirira, ndipo apa m'pamene ena tinkamenyetsa pansi zogwirira za eni ake. Chonsecho ukagwira batani la A n'kudina Start, umayambira pa dziko limene unafera. Makombola aja amaphulika ukagwira mtengo wa mbendera sabwera mwamwayi: amabwera nambala yomaliza ya nthawi ikakhala 1, 3 kapena 6, ndipo amaphulika kochuluka mofanana ndi nambalayo. Bowser, chilombo cha kumapeto, timakumana nacho kasanu ndi katatu, koma weniweni ndi womaliza yekha. Ukamupha ndi timipira ta moto m'malo mothamangira nkhwangwa yodulira mlatho, m'nyumba yoyamba amagwa Goomba, m'yachiwiri kamba, ndipo zimapitirira chomwecho, adani wamba atavala chikopa cha mfumu yawo. China chosautsa mtima pang'ono chili m'kabuku ka malangizo, kamene kaseti zathu zachikasu zinalibe: akamba aja analodza anthu a m'dzikolo n'kuwasandutsa miyala, njerwa ndi zomera. Ganizirani njerwa zonse zimene munaphwanya ndi mutu.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi dziko limene eni ake sanalikonze, lotchedwa Minus World. Kumapeto kwa chigawo cha 1-2, pansi pa nthaka paja, pali chipinda chobisika cha mapaipi atatu olumphira ku maiko a patsogolo. Ukalowa bwinobwino, sewero limayamba lalemba komwe paipi iliyonse ikupita. Koma osewera ena anapeza njira yodumphira chonjuta pafupi ndi paipi yotulukira, n'kulowerera m'khoma lenilenilo. Ukafika chotero n'kulowa m'paipi yoyamba sewero lisanakonze manambala ake, limakutumiza ku dziko la 36. Dziko limenelo kulibe. Pa mndandanda wa zizindikiro za sewerolo, malo a 36 ndi opanda kanthu, ndiye pa kanema pamangooneka kamzere ndi 1, ngati nambala ya pansi pa ziro. Umapezeka uli m'madzi, ukusambira, ndipo ukafika pa paipi ya kumapeto imakubwezera poyambira, mpaka nthawi itakuthera. Cholakwika chimenechi chinatchuka kuposa zigawo zambiri zokonzedwa dala.

Za m'masewero otsatira ndingotchulako ziwiri. Mu Super Mario Bros. 3 wa 1988 muli chimpira chakuda cha mano, chomangidwa pa unyolo, chimene chimakulumphira koma unyolo n'kuchibweza. Miyamoto anachitenga pa galu wa oyandikana nawo amene anamuthamangitsa ali mwana, unyolo n'kumupulumutsa. Ndipo mu Super Mario 64 wa 1996 munalibe Luigi, koma pa chipilala china munali malemba osaoneka bwino amene ana ankalimbikira kuti akunena kuti Luigi alimo, pamodzi ndi nambala 2401. Anthu anawaseka. Mu July 2020, mafailo akale a Nintendo ataululika, munapezekadi zidutswa za chithunzi cha Luigi chimene anachichotsa sewero lisanatuluke. Panali patapita zaka 24 ndi mwezi umodzi. Zinangochitika mwangozi, koma yesani kumuuza zimenezo munthu amene anasekedwa ali ndi zaka khumi.

Bambo Wapampando, ndibwerere ku makompyuta athu. Ndinawayatsa dzulo. Ndi ochedwa, ena alibe mbewa, ndipo ina ikulira ngati chigayo. Koma yofooka kwambiri mwa iwo ikhoza kusunga Super Mario Bros. maulendo zikwi zambiri, sewero limene linagulidwa makope oposa 40 miliyoni. Mwana wa Fomu 2 akhoza kuphunzirapo kulemba pulogalamu yoyendetsa kadontho pa kanema, ndipo Miyamoto anayambira pa timadontho tomweto. Pempho langa ku msonkhano uno n'lakuti tisawataye. Tipereke ndalama zochepa zogulira mbewa ndi mawaya, ndipo ine ndidzipereka Loweruka limodzi mwezi uliwonse kudzakhala ndi ana amene angafune. Ndikufuna anzanga awiri oti tizisinthana. Alembi ali ndi pepala.

Kumbuyo kwa holo kuno ndaikako makina aja a kaseti yachikasu, ndipo akugwirabe ntchito. Tikatha kudya, amene ayambe kulowa m'khoma la 1-2 ndimugulira chakumwa. A Hedi, inunso mukuloledwa.