Njiwa pa Waya wa Magetsi

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Chipata

Aphunzitsi anzanga, ana amatifunsa kawirikawiri kuti, nanga bwanji njiwa imatera pa waya wa ZESCO osafa? Ena a ife timayankha kuti mapazi ace ngouma. Yankho limeneli nlabodza, ndiponso nloopsa, pakuti mwana wa zikang'a kumapazi angayese kukwera mtengo wa magetsi.

Coona ndi ici. Magetsi sayang'ana kucuruka kwa mavoti pa malo amodzi. Cowayendetsa ndico kusiyana kwa mavoti pakati pa malo awiri. Mapazi a njiwa ali pa waya mmodzi, kotero kusiyanako nkocepetsetsa. Koma phiko likakhudza waya wina, njiwa yapsa. Cimodzimodzi phiri la Kanjala: mungawerenge msinkhu wace kuyambira pa nyanja ya mcere kapena pa khomo la sukulu, manambala nasiyana, koma thukuta la wokwera ndi lomwelo. Poyambira kuwerenga tisankha tokha, cilengedwe sicisamalako. Akatswiri acha lamulo ili gauge invariance.

M'caka ca 1918 Hermann Weyl wa ku Germany anapita nalo patali, nati malo ali onse akhale ndi muyeso waowao wa utali. Albert Einstein anamtsutsa, popeza zikadatero maatomu a mtundu umodzi sakadawala mofanana. Weyl anabwereranso mu 1929, atasiya za utali, nagwira funde la elekitironi, ndiko kunena poyambira kuwerenga kukwera ndi kutsika kwace. Apo panaoneka cozizwitsa. Ngati malo ali onse adzisankhira poyambira, pafunika cina cogwirizanitsa malo oyandikana, monga midzi iwiri yoyesa cimanga m'madengu osiyana ifuna wodziwa madengu onse awiri. Cogwirizanitsaco ndico mphamvu ya magetsi ndi maginito! Yang ndi Mills anakuza nzeruyi mu 1954, ndipo maphunziro a m'kati mwa atomu aima pamenepo.

A kemisitiri nao linawabvuta. Powerengera m'mene molekyulu icitira pafupi ndi maginito ayenera kusankha poyambira, ndipo popeza masamu ao ngongoyandikiza, yankho limasintha akasuntha poyambirapo. Yankho lotere nlosakhulupirika. Fritz London mu 1937, pofufuza mamolekyulu onga benzene, anapatsa atomu iri yonse poyambira paceyokha, ndipo makompyuta atsata njira yace kufikira lero.

Tsono m'kalasi tengani mabatire awiri a toci, a mavoti 1.5 iri yonse, muwasanjikize, mulumikize babu. Lembani pa bolodi 0 kumunsi, 3 pamwamba. Fafanizani, muike 0 pakati, 1.5 pamwamba, ndi −1.5 kumunsi. Funsani ana ngati babu lasintha kuwala. Akayankha, muwauzenso kuti wokhudza waya wakugwa mapazi ace ali pa dothi, ndipo kusiyana konse kwa mavoti kudzera m'thupi mwace.