Masamba a Rozi Akachita Chikasu M'chilimwe

Iyi ndi nkhani imene inakambidwa pamaso pa alimi a maluwa ndi ndiwo zamasamba a mu kampu ya Dzaleka ndi a m'midzi yoyandikana nayo. Yasindikizidwa pano kuti ipindulirenso alimi a madera ena a Dowa ndi Ntchisi.

Nkhani ya lero ndi ya duwa la rozi, makamaka vuto limene limadetsa nkhawa olima duwali chaka ndi chaka kuyambira mwezi wa Sepitembala mpaka mvula itagwa, lomwe ndi kusanduka chikasu kwa masamba.

Ena angadabwe kuti nkhani ya maluwa ikukambidwa pamalo ngati ano. Dzaleka, amene kale anali ndende ya andale m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, anasandutsidwa kampu ya anthu othawa kwawo m'chaka cha 1994. Malowa anakonzedwa kuti asunge anthu osaposa 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri a iwo ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Pamene anthu achuluka chotero, malo olima amachepa ndipo madzi amapezeka movutikira, moti mizere ya zigubu pa mijigo ndi yodziwika kwa aliyense. Komabe rozi ndi mbewu imene imalola kulimidwa pa kachigawo kakang'ono ka pakhomo, ngakhale m'chigubu chodula pakati. Maluwa ake amafunika pa maukwati, m'matchalitchi ndi pa nkhata za pamaliro, ndipo mbande zake zimagulidwa ndi eni nyumba, masukulu ndi malo ogona alendo. Mzinda wa Lilongwe, kumene mbande za maluwa zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu, uli pa mtunda wosafika makilomita 50, ndipo chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba m'chaka cha 2014, chimabweretsa alendo ambiri mu kampu. Dziko la Kenya limapeza ndalama zakunja zochuluka kuchokera ku rozi wolimidwa m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, pa malo okwera ndi a dzuwa lambiri. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi nawo ndi okwera ndipo usiku wake ndi wozizira bwino, zimene rozi amakonda.

Vuto limabwera m'chilimwe. Rozi amakula mokondwa pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 15 ndi 27. Kukatentha kupyola madigiri 30, monga zimachitikira masana ambiri a Okutobala ndi Novembala, mtengowo umachepetsa kukula, maluwa amatuluka aang'ono, ndipo masamba ena amayamba kuchita chikasu. Apa mlimi wambiri amathamangira chimodzi mwa zinthu zitatu: kuthira fetereza wa Urea, kuonjezera madzi, kapena kugula mankhwala opopera. Nthawi zambiri zitatu zonsezi zimamuonongetsa ndalama ndi madzi, ndipo zina zimapha mtengo umene ukanachira. Chikasu ndi chizindikiro chabe, monga kutentha kwa thupi kwa mwana, ndipo zoyambitsa zake ndi zingapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanachite kanthu, mlimi adzifunse mafunso anayi: kodi masamba achikasuwo ndi akale a m'munsi kapena anthete a kunsonga? Kodi tsamba lonse lasintha kapena mitsempha yake yatsala yobiriwira? Kodi kunsi kwa tsamba kuli chiyani? Nanga nthaka, chala chikalowetsedwa mpaka kutha, ndi youma kapena yonyowa?

Choyambitsa choyamba, chomwenso ndi chofala kwambiri m'nyengo ino, ndi ludzu lophatikizana ndi kutentha. Masamba a m'munsi ndi a m'kati mwa mtengo amachita chikasu n'kugwa, nsonga zimafota masana, ndipo m'mphepete mwa masamba ena mumauma ngati mwapserera. Mtengo umataya masamba akale mwadala pofuna kuchepetsa madzi amene ukutaya. Mphepo youma imene imaomba pa zitunda za Dowa imakulitsa vutoli, chimodzimodzinso khoma kapena malata amene amabweza kutentha kwa dzuwa la masana. Nthaka ikapezeka youma, mankhwala ake ndi madzi, koma othiridwa mwanzeru. Kuwaza timadzi pang'ono tsiku lililonse kumanyowetsa pamwamba pokha ndipo mizu imazolowera kukhala pamwamba pamene pamatentha. Mtengo waukulu wobzalidwa pansi umapindula kwambiri ukalandira malita 10 kawiri pa sabata, othiridwa pang'onopang'ono patsinde m'mamawa, kutanthauza kuti chigubu chimodzi cha malita 20 chimasunga mtengo umodzi kwa sabata yathunthu. Rozi wa m'chigubu kapena m'thumba la pulasitiki amafuna madzi pafupipafupi chifukwa dothi lake ndi lochepa, ndipo chotengera chakuda chiyenera kukutidwa ndi chiguduli kapena udzu kuti mizu isapse.

Choyambitsa chachiwiri ndi chosiyana kotheratu ndi choyamba, ngakhale maonekedwe ake amafanana: madzi ochuluka. Izi zimachitika kawirikawiri kwa rozi wobzalidwa m'chotengera chopanda mabowo kunsi, pa nthaka ya makande, kapena pafupi ndi ngalande ya madzi otayika a pa mjigo. Mizu imafuna mpweya, ndipo ikamira kwa masiku angapo imaola. Masamba amachita chikasu ali ofewa, mtengo umafota ngakhale nthaka ili yonyowa, ndipo dothi limatulutsa fungo lowawasa. Mlimi amene saunika nthaka amaona kufotako n'kuonjezera madzi, motero amamaliza yekha mtengo wake. Choyenera ndi kusiya kuthirira mpaka pamwamba pauma, kuboola chotengera, ndi kupatutsa madzi odikha.

Chachitatu ndi akangaude ofiira, omwe alimi a tomato m'madimba amawadziwa bwino. Ndi ting'onoting'ono kwambiri, timakhala kunsi kwa tsamba n'kumayamwa madzi ake, ndipo timaswana mofulumira kukatentha, kukauma ndiponso pakakhala fumbi. Tsamba limayamba ndi timadontho totuwa tochuluka ngati lawazidwa ufa, kenako limachita chikasu chotumbuluka, ndipo vuto likakula pamaoneka ulusi wopyapyala. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: mlimi agwedeze tsamba pamwamba pa pepala loyera, ndipo akaona timadontho tikuyenda, adziwe kuti ndi iwowo. Kutsuka kunsi kwa masamba ndi madzi owazidwa mwamphamvu m'mamawa, masiku atatu aliwonse kwa masabata awiri, kumachepetsa kwambiri tizilomboti. Masamba ogwidwa kwambiri athotholedwe ndi kutenthedwa, ndipo mapesi a tomato wakutha asasiyidwe pafupi ndi maluwa. Mankhwala ambiri ophera mbozi ndi nsabwe za m'masamba sapha akangaude ofiira, m'malo mwake amapha tizilombo tina timene timawadya, motero vuto limabwerera litakula.

Chachinayi ndi njala ya nayitirojeni. Masamba akale amatumbuluka onse mofanana, mitsempha ndi pakati pomwe, mphukira zimatuluka zoonda, ndipo mtengo wonse umaoneka wotuwa, monga chimanga chosathiridwa fetereza wobereketsa. Apa ndi pokhapo pamene chakudya choonjezera chimathandiza. Ngakhale zili choncho, Urea ndi wamphamvu kwambiri, popeza magawo 46 mwa magawo 100 ake ndi nayitirojeni, ndipo akathiridwa pa nthaka youma ndi yotentha amatentha mizu, masamba n'kupserera m'mphepete. M'chilimwe ndi bwino kugwiritsa ntchito manyowa oola bwino, kapena manyowa amadzi: thumba la ndowe za mbuzi kapena ng'ombe limanyikidwa mu mgolo wa madzi kwa masabata awiri, kenako madziwo amasungunulidwa mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, n'kuthiridwa pa nthaka yonyowa kale. Fetereza wogula adikire mvula, ndipo athiridwe pang'ono mozungulira, motalikirana ndi tsinde.

Chachisanu chimafuna chidwi chapadera kuno ku Dzaleka. Masamba anthete a kunsonga akachita chikasu chowala koma mitsempha yake n'kukhalabe yobiriwira ngati ukonde, ndiye kuti mtengo ukulephera kutenga ayironi. Nthawi zambiri ayironiyo amakhala alipo m'nthaka, makamaka m'katondo wofiira, koma amamangika nthaka ikataya kuwawasa kwake. Rozi amakonda nthaka yowawasa pang'ono, ya muyeso wa pH wa pakati pa 6 ndi 6.5. Zinthu zitatu za pakhomo zimakweza muyesowu: phulusa la pa mbaula lothiridwa patsinde mobwerezabwereza, madzi ochapira okhala ndi sopo waufa, ndi zinyenyeswa za simenti kapena laimu pafupi ndi maziko a nyumba. Pamalo pamene madzi ndi osowa, n'zomveka kuti mabanja amathirira maluwa ndi madzi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mchitidwewu ndi wabwino ukasankhidwa bwino. Madzi otsukira mpunga, mbatata ndi ndiwo zamasamba, komanso madzi omaliza otsukuluzira zovala, ndi oyenera. Madzi oyamba a thovu, madzi okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala ndi madzi amchere atayidwe kutali ndi mbewu. Mtengo wogwidwa kale umachira pang'onopang'ono ukaleka kulandira phulusa ndi sopo, ukathiridwa madzi abwino ochuluka kamodzi kuti atsuke nthaka, ndiponso ukapatsidwa kompositi. Chizindikiro chofanana nacho chikaoneka pa masamba akale m'malo mwa anthete, chosowa chimakhala maginesiyamu, ndipo kompositi ndi manyowa zimathandizanso.

Chachisanu ndi chimodzi ndi matenda a madontho akuda, oyambitsidwa ndi nkhungu yotchedwa Diplocarpon rosae. Tsamba limakhala ndi madontho akuda ozungulira a m'mphepete mosalongosoka, chikasu chimazungulira dontho lililonse, kenako tsamba limagwa. Matendawa amafala tsamba likakhala lonyowa kwa maola ambiri, choncho nyengo yake yeniyeni ndi dzinja. Akaoneka m'chilimwe, kawirikawiri amakhala ataitanidwa ndi mlimi amene amathirira pamwamba pa masamba madzulo. N'chifukwa chake kutsuka masamba kolimbana ndi akangaude kuyenera kuchitika m'mamawa, kuti dzuwa liumitse msanga. Masamba odwala, a pamtengo ndi ogwa pansi, atoleredwe ndi kutenthedwa mvula isanayambe, pakuti ndi amene amasunga matendawa mpaka chaka china.

Pali mfundo ina imene imapulumutsa alimi ku nkhawa yosafunika. Tsamba limene lachita chikasu kotheratu silibwereranso kukhala lobiriwira, ndipo kuchira kwa mtengo kumaonekera pa mphukira zatsopano pakapita masabata awiri kapena atatu. Mlimi asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndi kudikira, chifukwa akathira madzi, fetereza ndi mankhwala tsiku limodzi, sadzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chapweteka. Masamba ochepa a m'munsi akamagwa pamene nsonga zili zobiriwira, umenewo ndi ukalamba wa masamba chabe.

Zambiri mwa zovutazi zimapewedwa pa tsiku lobzala. Dzenje likhale la masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya kwake, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa oola, ndipo mitengo italikirane pafupifupi mita imodzi kuti mphepo idutse. Malo abwino ndi olandira dzuwa la m'mawa kwa maola asanu ndi limodzi ndi mthunzi pang'ono masana, monga kum'mawa kwa nyumba. Kuphimbira ndi udzu wouma, makoko a mtedza kapena masamba, mochindikala masentimita 5 mpaka 8, kumasunga chinyezi ndi kuziziritsa mizu, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde ndipo ziziunikidwa kawirikawiri chifukwa cha chiswe. Kudulira kwakukulu kuchitike m'nyengo yozizira, m'mwezi wa Juni kapena Julaye, ndipo timitengo todulidwato tingabzalidwe m'machubu kuti tikhale mbande zogulitsa. M'chilimwe mtengo usadulidwe kwambiri, pakuti masamba ake ndiwo mthunzi wa nthambi zake.

Madzi a pa mjigo ndi oyamba akumwa, kuphikira ndi ukhondo, ndipo maluwa asakhale chifukwa cha mkangano pa mzere. Mlimi wanzeru amawerengera madzi amene angapeze m'mwezi wa Okutobala asanawerengere mitengo imene akufuna kubzala. Mitengo isanu yophimbiridwa bwino, yolandira zigubu zisanu pa sabata, imapereka maluwa ambiri kuposa mitengo 20 yolimbirana madzi omwewo. Amene ali ndi denga la malata angakolole madzi a mvula m'migolo, ndipo alimi a m'midzi amene ali ndi madimba angagwirizane ndi anzawo a mu kampu amene ali ndi luso lofesa ndi kumezanitsa mbande, aliyense n'kupindula ndi chimene mnzake ali nacho.

Zizindikiro zikasokoneza, mlimi atenge nthambi yokhala ndi masamba akale ndi anthete omwe, pamodzi ndi dothi lodzaza dzanja la patsinde, n'kukaonetsa mlangizi wa zaulimi wa dera lake kapena ofesi ya zaulimi pa boma la Dowa asanagule mankhwala alionse. Amene akufuna kubzala mitengo yambiri ya malonda angayezetse nthaka yawo ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ku Lilongwe. Safunsa anadya phula, ndipo mtengo wa rozi wosamalidwa bwino umatha kupereka maluwa kwa zaka zoposa khumi.