Mlimi wotsogolera naye amafuna kumva zikomo

Mawu omwe adayankhulidwa pamsonkhano wa makalabu a alimi kwa Chapananga, m'boma la Chikwawa

 Lero sitinabwere ndi nkhani ya feteleza kapena mtengo wa thonje. Tabwera ndi funso limodzi: kodi anthu amene amatigwirira ntchito popanda malipiro timawathokoza liti?

Tikunena za alimi otsogolera. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene boma lidakhazikitsa ndondomeko yatsopano ya ulangizi, ntchito yambiri yophunzitsa alimi yakhala ikugwiridwa ndi alimi anzathu, chifukwa alangizi a boma ndi ochepa ndipo midzi ndi yotalikirana. Mlimi wotsogolera amasiya munda wake n'kukaonetsa anzake kapangidwe ka manyowa, kabzalidwe ka mapira ndi mchewere, ndiponso kapoperedwe ka mankhwala a thonje. Salandira kanthu pakutha pa mwezi.

Pa nthawi imene tinkagwira ntchito ya ulangizi, tinali ndi mayi wina amene ankasamala munda wachitsanzo m'dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza. Zaka zitatu ankathirira, kupalira ndi kuphunzitsa anzake. Tsiku la chionetsero litafika, alendo adakhala pamipando, tidawathokoza mmodzimmodzi powatchula maudindo awo, tidajambulitsa zithunzi m'munda muja, koma dzina la mwini munda silidamveke. Iye anali kuseri akuphikira alendowo nsima. Chaka chotsatira adatiuza mwaulemu kuti, "Alangizi, pezani wina, ine ndatopa." Cholakwa chinali chathu. Khasu silidamutopetse mayiyu. Chidamutopetsa ndi kusaoneka.

Agogo athu amakumbukira za Achikumbe m'nthawi ya Kamuzu Banda, amene naye ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani. Dzina loti mchikumbe linkapatsa munthu ulemu m'mudzi, ndipo ambiri ankalimbikira kuti alipeze. Apa tikuphunzirapo kuti ulemu umalimitsa munthu. Koma tisaiwale mbali inayo: ulemuwo unkagwera kwambiri anthu ochepa okhala ndi minda ikuluikulu. Mayi wamasiye wolima kamunda kake ndi ana ake sankawerengedwa. Ife tisabwereze zimenezo.

Kuno kwathu taona zovuta. Madzi osefukira a mu 2015, mphepo ya Ana mu Januwale 2022 imene idaononga mlatho wa Chapananga, kenako Freddy mu Malichi 2023. Pamene magalimoto sankatha kuoloka, ndani adagawira anzake mbewu imene adasunga m'nkhokwe? Ndani adayenda wapansi kulemba maina a mabanja okokoloredwa minda? Anali alimi otsogolera, alembi a makalabu ndi amayi a m'magulu a banki m'khonde. Anthu otere tikawataya, palibe bungwe lochokera kutali limene lingalowe m'malo mwawo.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, pamsonkhano uliwonse wa kalabu tizitchula dzina la munthu ndi ntchito imene wagwira. Kungoti "tikuthokoza nonse" sikufika pamtima pa aliyense. Tizinena kuti uje ndiye adatiphunzitsa kupanga manyowa, ndipo tizinena pamaso pa amfumu.

Chachiwiri, zikomo wathu azikhala ndi manja. Ngati mlimi wotsogolera wataya masiku awiri akuphunzitsa ife, kalabu ipite tsiku limodzi kukamupalirira munda wake. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Tikamulimira lero, mawa adzabweranso kudzatiphunzitsa.

Chachitatu, tikupempha akuluakulu a zaulimi m'boma lino komanso mabungwe onse ogwira ntchito kuno kuti pa tsiku la chionetsero mwini munda aziyamba ndiye kuyankhula, asanayankhule mlendo wolemekezeka. Pakabwera maphunziro kapena njinga, aziyamba kuganiziridwa amene wakhala akugwira ntchito, osati m'bale wa munthu waudindo. Ndipo amayi azitchulidwa maina awo, osati kungoti akazi a uje.

Tichenjezenso pano. Satifiketi sidyedwa. Wogula thonje amene amatiyamikira pakamwa koma n'kutibera pa sikelo, kapena kutenga thonje pangongole miyezi n'kumapita, ameneyo sakutithokoza ayi. Kuthokoza kwenikweni kwa wogula ndi mtengo wabwino wolipidwa pa nthawi yake. Nkhondo imeneyo tipitiriza kumenya limodzi ngati bungwe. Koma sitingapemphe ulemu kwa akunja pamene ife eni ake tikumanana ulemu m'makalabu mwathu.

Musanachoke pano, kalabu iliyonse ipereke kwa mlembi dzina la munthu mmodzi amene wakugwirirani ntchito chaka chino, ndiponso tsiku limene mukamulimire. Mainawo tidzawawerenga pamsonkhano ukubwerawu, mafumu ali pomwepo.